Kukonzanso mafulati akale anthu ali momwemo: ntchitoyi ndi yabwino, koma onani kumene ndalama zikupita

Pali ntchito imene makampani a zomangamanga akuitsatsa kwambiri m'mizinda ikuluikulu masiku ano. Mumawapatsa nyumba yosanja ya mafulati, ya zaka 40 kapena 60, iwo n'kuikonza yonse kuyambira padenga mpaka pansi, pa mgwirizano umodzi ndi mtengo umodzi, anthu ochita lendi osasamuka. Injiniya, pulamba, wamagetsi ndi wapenti onse ndi awo, mwini nyumba amangolankhula ndi munthu mmodzi. Ndemanga ino ikunena za ntchitoyi monga imagulitsidwira kawirikawiri, osati za kampani inayake. Chigamulo chathu tinene kumayambiriro komwe kuno: ganizo lake ndi labwino zedi, koma kagawidwe ka ndalama n'kopendekeka. Zambiri zimathera pa zimene wofuna fulati amaona akangolowa pakhomo, zochepa n'kupita pa zimene zimagwetsa nyumba, kuiotcha kapena kuinyowetsa.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa. Bungwe la United Nations linawerengera mu 2018 kuti anthu 55 pa 100 alionse padziko lapansi amakhala m'mizinda, ndipo pofika 2050 adzafika 68 pa 100. Onsewa akufuna kukhala pafupi ndi ntchito, sukulu, chipatala ndi pokwerera basi kapena sitima, koma malo otere anatengedwa kale ndi nyumba zomangidwa m'ma 1950 mpaka m'ma 1970. Nyumbazi zili ndi mwayi umene yatsopano singaugule: zili pakati pa mzinda, madzi, magetsi ndi mapaipi a zonyansa zinafika kalekale, ndipo zipinda zake nthawi zambiri n'zotakasuka. Ofuna malo akachuluka chonchi, fulati iliyonse yopakidwa penti n'kuikidwa matailosi atsopano imapeza munthu mosachedwa. Kampani ikudziwa, mwini nyumba akudziwanso. Palibe amene msika ukumukakamiza kutsegula khoma kuti aone paipi ya zaka 50.

Umboni woti ntchito yotere imatheka bwinobwino ulipo. Ku Bordeaux m'dziko la France, pamalo otchedwa Grand Parc, akatswiri ojambula mapulani Anne Lacaton ndi Jean-Philippe Vassal, pamodzi ndi Frédéric Druot ndi Christophe Hutin, anakonzanso nyumba zitatu za m'ma 1960 zokhala ndi mafulati 530. Sanagwetse, sanatulutse anthu. Anamanga makonde oima paokha kutsogolo kwa nyumbazo, otuluka mamita 3.8 kuchokera pakhoma lakale, mazenera ang'onoang'ono anawasandutsa zitseko zazikulu zagalasi, anakonza mabafa ndi zikepe, ndipo lendi sinakwere. Ntchitoyo inalandira mphoto ya Mies van der Rohe, ya European Union pa luso la zomangamanga, mu 2019. Mphoto yomweyo mu 2017 inapita ku nyumba ya Kleiburg ku Amsterdam, yotalika mamita 400, ya mafulati pafupifupi 500, imene inatsala pang'ono kugwetsedwa koma inagulitsidwa pa yuro imodzi. Ogulawo anakonza thunthu la nyumbayo, zikepe, makonde oyendamo ndi mapaipi akuluakulu, mafulati enieniwo n'kuwagulitsa motchipa osamalizidwa, kuti aliyense adzimalizire yekha. Taonani ndondomeko yakeyo: anayamba ndi zimene munthu mmodzi sangakonze, zokongoletsa n'kusiyira eni ake. Makampani ambiri amene tikuwaunika pano amayambira kumene a ku Kleiburg anasiyira.

Mayeso oyamba a kampani ndi kotesheni yake. Ikakupatsani mtengo womaliza itangozungulira nyumbayo masana amodzi, osaboola, osatsegula, osalowetsa kamera m'paipi, pali zinthu ziwiri: mwina yaikamo ndalama zambiri zodzitetezera, mwina idzabwera ndi zowonjezera ntchito ili mkati, inu mulibenso kothawira. Kafukufuku woyenera amalipiridwa payekha, asanasainidwe mgwirizano waukulu, ndipo lipoti lake likhale lanu kuti muthe kulipereka kwa kampani ina ngati simunagwirizane.

Konkire

Chitsulo chimene chili mkati mwa konkire sichichita dzimbiri chifukwa simenti imachisunga pa pH (muyeso umene umatsika asidi akamachuluka) ya pakati pa 12 ndi 13. Mpweya wa carbon dioxide umalowa pang'onopang'ono kuchokera kunja n'kumatsitsa pH imeneyi. Ikatsika kufika cha pa 9 pamene pali chitsulopo, chitetezo chatha, ndipo chinyontho chikangofika dzimbiri limayamba. Dzimbiri limatenga malo aakulu kuwirikiza kangapo kuposa chitsulo chimene ladya, ndiye limakankha konkire mpaka kung'ambika n'kumagwa zibenthu. Kuyeza kwake n'kotchipa. Amaswa kapena kuboola konkire, n'kupopera mankhwala a phenolphthalein pamalo ongoswedwa kumenewo. Pamene pasanduka papinki ndi pabwino. Pamene mtundu sunasinthe ndi pamene mpweya unafika kale. Kenako amayeza kuya kwa zitsulo ndi kachipangizo ka maginito. Ngati mpweya walowa mamilimita 25 pamene zitsulo zili pa mamilimita 15 kapena 20, monga zimakhalira m'makonde ndi m'mphepete mwa deki za nyumba zambiri zakale, dzimbiri lili paliponse, ngakhale pamene sipanang'ambike. Kugogoda ndi hamala kumauza zambirinso: posamatirira pamamveka ngati pali mphako.

Apa ndi pamene makampani ambiri amapeza malikisi ochepa. Zimene amachita kawirikawiri ndi kugwetsa chibenthu chogwedera, kupala chitsulo ndi bulashi yawaya mbali yoonekayo, kumata simenti ndi mchenga, kupaka penti. Zimakongola, ndipo pakatha mvula zochepa chigambacho chimafufuma. Kukonza koyenera kumayamba ndi kucheka m'mphepete mwa bala ndi galainda, kuya mamilimita 10, kuti chigamba chisathere mopyapyala. Konkire amaiswa mpaka kuseri kwa chitsulo, pafupifupi mamilimita 20, mpata woti zala zilowe, n'kutsata chitsulocho mbali zonse mpaka atapeza choyera cha mamilimita 50 kapena 100. Dzimbiri lichoke kuzungulira konse, osati kutsogolo kokha. Chitsulo chikaonda kwambiri, wogamula ngati pakufunika china ndi injiniya, osati mmisiri amene ali pakatawala. Konkire yakale amainyowetsa kaye kuti isamwe madzi a chigamba, n'kumata ndi matope opangidwira ntchito imeneyi, amene sachepa akamauma. Pomaliza khoma lonse lipakidwe penti yotchinga mpweya uja, osati penti wamba.

Nyumba za m'mphepete mwa nyanja ya mchere, kapena zimene zinamangidwa ndi mchenga wa mchere, zili ndi vuto loposa apa. Mchere ukapitirira pafupifupi 0.4 peresenti ya kulemera kwa simenti, chitsulo chimadyeka ngakhale pH ili bwino. Choipa n'chakuti chigamba chatsopano chimapangitsa chitsulo cha m'mbali mwake, chimene chatsala mu konkire ya mchere, kuchita dzimbiri mofulumira kuposa kale. Amene akuidziwa ntchito amamangirira tizibenthu ta zinc kuchitsulo m'mphepete mwa chigamba, kuti tidyeke m'malo mwa chitsulocho. Kampani ikapanda kutchula za kuyeza mchere panyumba ya kunyanja, isiyeni.

Mapaipi

Ntchito yokonza anthu ali momwemo imakoma kapena kuwawa pa mapaipi. Mafulati osanjikizana amagwiritsa paipi imodzi yoimirira, ndiye simungakonze bafa la pa nsanjika yachitatu osakhudza la pa yachinayi ndi yachiwiri. Kampani yodziwa imagwira mzere umodzi woimirira pa nthawi, kuyambira pamwamba mpaka pansi, mabanja a mzerewo atauzidwa tsiku lenileni limene madzi atsekedwe ndi limene atsegulidwe, atakonzeredwa chimbudzi ndi bafa zongoyembekezera. Yosadziwa imayenda nsanjika ndi nsanjika chifukwa ndi mmene wamatailosi amakondera, n'kumalumikiza paipi yatsopano ku yakale pa deki iliyonse. Polumikiza paliponsepo ndi podzadontha.

Mapaipi obweretsa madzi a chitsulo chokutidwa ndi zinc amakhala zaka 40 mpaka 50. Amawonongeka kuchokera mkati: dzimbiri limaunjikana, njira ya madzi n'kumachepa, a pamwamba n'kumadandaula kuti madzi akungodontha, ndipo m'mawa amatuluka ofiirira. Kunja paipiyo imaoneka yabwinobwino. Mankhwala ake ndi kusintha yonse. Kusintha mbali yooneka yokha n'kulumikiza kopa ku chitsulo chakale mwachindunji kumafulumizitsa dzimbiri pamfundo pomwepo, chifukwa zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana m'madzi china chimadyeka.

Pali nkhani ya mphamvu ya madzi imene makotesheni ambiri saitchula. Mamita 10 alionse a kutalika amasintha mphamvu ndi bar imodzi. Nyumba ya nsanjika khumi ndi yotalika pafupifupi mamita 30, ndiye pampu ikaikidwa kuti wa pamwamba asambe bwino, wa pansi amalandira mphamvu yoposa ndi ma bar atatu. Zotsatira zake ndi mipopi yolira, timapaipi tapansi pa sinki tophulika usiku, thanki ya chimbudzi yosasiya kudontha. Pamafunika mavalavu ochepetsa mphamvu pa nsanjika zapansi, ndi valavu yotsekera fulati iliyonse payokha, pamalo ofikika popanda kuswa tailosi. Khoma lisanatsekedwe, mapaipi ayesedwe ndi mphamvu yowirikiza 1.5 kuposa ya masiku onse, kwa ola limodzi kapena kuposerapo, ndipo zotsatira zilembedwe. Paipi iliyonse yakale imene siikupitanso kulikonse idulidwe pa mphanda pake. Ikangotsekedwa kunsonga imasunga madzi osayenda, ndipo tizilombo ta Legionella, toyambitsa chibayo, timaswana m'madzi otere a kutentha kwa pakati pa madigiri 20 ndi 45. N'chifukwa chake madzi otentha amasungidwa pa madigiri 60, ndipo paipi yamadzi ozizira imakutidwa kuti isafunde ndi inzake yoyandikana nayo.

Pa mapaipi a zonyansa, chimene makampaniwa amanyadira nacho kwambiri ndi kuvala paipi mkati m'malo moisintha. Amatsuka paipi yakale ya chitsulo chakuda, nthawi zambiri ya mamilimita 100, n'kulowetsamo nsalu yonga sokosi yoviikidwa mu utomoni wa epoxy, kuifufumitsa ndi mpweya kuti imatirire m'mbali, n'kuisiya iume. Mumatsala paipi yatsopano yokhuthala mamilimita atatu kapena kuposerapo pang'ono mkati mwa yakale, ndipo mphanda zopita ku mafulati amazitsegulanso ndi kamakina kodulira koyenda m'paipimo. Ubwino wake ndi weniweni: mabafa saswedwa, fumbi n'lochepa, mzere umatha m'masiku owerengeka. Pa paipi yoimirira imene thupi lake likadali lolimba, tikuivomereza ndi mtima wonse.

Koma amaigulitsa ngati yothetsa zonse, pamene si choncho. Nsaluyo imatsata paipi mmene ilili; ngati paipi yogona inatsika pakati n'kumasunga madzi, idzapitiriza kusunga. Yogona ya mamilimita 100 imafuna kutsetsereka pafupifupi mamilimita 25 pa mita iliyonse, ndipo yolakwika imafuna kukumbidwa basi. Paipi yoonda kwambiri imatha kubooka pamene akuitsuka, ntchito n'kusanduka yadzidzidzi banja lili m'nyumba. Malo ofooka ndi pa mphanda ndi pa kabowo kotulutsira madzi pansi m'bafa, pamene nsalu imathera. Choposa zonse, kuvala paipi sikukonza chotchinga madzi cha pansi pa matailosi a bafa, chimene chili ndi zaka zofanana ndi paipiyo. Ambiri amalipira kuvala paipi, siling'i ya wapansi n'kupitiriza kudontha, chifukwa madzi sankachokera m'paipi ayi. Funsani kanema wa kamera wa isanayambe ntchito ndi wa itatha, mzere uliwonse, ndipo muuonere nokha.

Kumene asintha chitsulo ndi pulasitiki pali zinthu ziwiri zoyang'ana. Pulasitiki imasokosa, wa pamwamba akagwetsa madzi m'chimbudzi wa pansi amamva m'chipinda chogona, pokhapokha paipiyo ikhale ya mtundu wokhuthala ndi yokutidwa. Chachiwiri n'choopsa: pamoto pulasitiki imasungunuka n'kusiya bowo pa deki iliyonse, utsi ndi moto n'kukwera nazo. Pamafunika kolala yapadera pamene paipi ikuboola deki, imene imafufuma ikatentha n'kutseka bowolo. Ndi kanthu kotchipa, sikaoneka khoma likatsekedwa, ndipo n'chifukwa chake kamaiwalika.

Bafa likaswedwa ndithu, chotchinga madzi chikwere m'khoma mamilimita 150 kuzungulira konse, posambira chikwere kupitirira msinkhu wa shawa, ndipo m'makona muikidwe tepi yake. Asanaike tailosi atseke potulukira madzi, adzaze madzi pansi, akhale maola 24, wina akayang'ane siling'i ya fulati ya pansi. Denga lafulati nalonso liyesedwe chimodzimodzi, ndipo likhale lotsetsereka osachepera 1 pa 80 litamalizidwa. Madzi odikha pa konkire si nkhani ya kukongola chabe. Nyumba ya Champlain Towers South ku Surfside, ku Florida, yomangidwa mu 1981, inagwa pa 24 June 2021 n'kupha anthu 98. Lipoti la injiniya la mu 2018 linali litachenjeza kale kuti chotchinga madzi cha pabwalo la dziwe losambira chinatha ntchito ndipo chikuwononga kwambiri deki ya pansi pake.

Za magetsi sitichedwapo, chifukwa pano makampani ambiri amachita bwino: masoketi ndi maswichi amaoneka, ndiye amasinthidwa. Chofunika ndi kutsimikiza kuti waya wa m'khoma wasinthidwanso, osati nkhope zokha. Waya wa masikweya milimita 1.5 ku magetsi owunikira, 2.5 ku masoketi, 6 ku kuka, waya wa efi kufika pa soketi iliyonse, ndi buleka ya RCD ya mamiliampu 30 yoteteza munthu kugwidwa ndi magetsi. Chokutira waya chiyesedwe pa mavolti 500, mphamvu yake yotchinga magetsi isatsike pa megaohm imodzi. Chimene amaiwala ndi chingwe chachikulu chokwera m'nyumba. Chinayezedwera mabanja a m'ma 1960, a wailesi ndi mababu ochepa. Lero fulati iliyonse ili ndi firiji, makina ochapira, giza ndi zoziziritsira m'nyumba. Mabolodi atsopano m'mafulati, chingwe chakale m'khoma, ndiye kuti kutentha kwangosamukira pamene palibe akuona.

Fumbi, mazenera ndi moto

Nyumba iliyonse ya m'zaka zimenezi muitenge ngati ili ndi asibesitosi, ulusi wa m'miyala umene ankasakaniza m'zomangira, mpaka mayeso atanena kuti mulibe. Amapezeka m'matailosi a pulasitiki a pansi ndi guluu wake wakuda, m'zokutira mapaipi otentha, m'malata ndi mabolodi a simenti, nthawi zina mu pulasitala wa siling'i. Dziko la Britain linamuletsa kotheratu mu 1999, mayiko a European Union mu 2005, koma zimene zinamangidwa kale zikadali momwemo. Akakhala osakhudzidwa savuta kwenikweni. Woopsa ndi amene wadulidwa ndi galainda kapena kupalidwa, ndipo matenda ake a m'mapapo amaoneka patatha zaka 20 mpaka 40. M'nyumba imene muli ana ndi okalamba, zitsanzo zitumizidwe ku labotale ntchito isanayambe, ndipo wochotsa akhale wachiphaso, atatchinga malowo ndi kunyowetsa. Penti yakale ya mtovu nayo isapalidwe youma. Kampani ikanena kuti amisiri ake ndi osamala, dziwani kuti sinayeze.

Mazenera atsopano ndi chimene anthu okhalamo amayamikira kwambiri: phokoso la msewu limachepa, mphepo siilowanso. Koma mazenera akale olowa mphepo aja ndi amene ankapumitsa nyumbayo. Mukatseka ming'alu yonse osaika njira ina ya mpweya, nthunzi ya kukhitchini, kubafa ndi ya zovala zoyanikidwa m'nyumba imakamatira pamalo ozizira, m'makona ndi kuseri kwa makabati, ndipo nkhungu yakuda imatuluka nyengo yozizira yoyamba. Mwini nyumba amaloza chala wochita lendi, pamene cholakwa chili pa pulani. Bafa limafuna fani yotulutsa malita 15 a mpweya pa sekondi, khitchini malita 30 ngati ili pamwamba pa kuka, yotulutsira kunja osati m'siling'i, ndipo mazenera akhale ndi timipata tolowetsa mpweya.

Kuvala nyumba kunja ndi mabolodi ndi kumene kumasintha maonekedwe ake tsiku limodzi, n'chifukwa chake zithunzi zotsatsira zimadzaza ndi zimenezi. Ndi pomwenso cholakwa chimapha anthu ambiri. Nyumba ya Grenfell Tower ku London, ya nsanjika 24, yomangidwa mu 1974, inali itangokonzedwa kumene mu 2016. Pa 14 June 2017 moto unayambira pa firiji m'fulati ya pa nsanjika yachinayi, n'kutulukira pazenera, n'kukwera m'mabolodi a aluminiyamu okhala ndi pulasitiki ya polyethylene pakati. Anthu 72 anafa. Kafukufuku anapezanso kuti zitseko zambiri za mafulati sizinkadzitseka zokha, utsi n'kudzaza m'njira zothawira. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Panyumba yosanja, bolodi ndi chofunditsa cha kuseri kwake zikhale zosayaka, ubweya wa mwala osati thovu la pulasitiki, ndipo mpata wa kuseri kwa bolodi utchingidwe pa nsanjika iliyonse ndi kuzungulira zenera lililonse. Funsani pepala la mayeso a moto la zonse pamodzi monga zidzaikidwire, osati la bolodi payokha. Chitseko cha fulati chikhale cholimba pamoto mphindi 30, mpata wa m'mbali mamilimita 2 mpaka 4, ndi chotsekera chokha chogwira ntchito. Chitseko chokongola chopanda zimenezi, choikidwa m'malo mwa chakale cholemera, ndi kubwerera m'mbuyo.

Tinenepo pang'ono za fasho yogwetsa khoma pakati pa khitchini ndi balaza, imene ofuna mafulati a m'tauni amaikonda. Khoma looneka ngati logawa chipinda chabe nthawi zina linayamba kunyamula deki imene inawerama pa zaka 50, ndipo likachoka ming'alu imatuluka m'fulati ya pamwamba. Kulemeranso kuwerengedwe: deki ya nyumba yogona inayezedwera katundu wa pafupifupi makilogalamu 150 mpaka 200 pa sikweya mita, pamene simenti yosalazira pansi yokhuthala mamilimita 50 imalemera kupitirira makilogalamu 100 pa sikweya mita. Kuthira yatsopano pamwamba pa yakale, kuti asavutike kuswa, ndi kudya kuposa theka la mphamvu imeneyo mpando usanalowe. Ndipo tailosi yomatidwa pa konkire mwachindunji, m'malo mwa kapeti kapena matabwa akale, imapititsa mgugu wa mapazi kwa wapansi. Pamafunika kansalu kofewa ka mamilimita angapo pansi pake.

Pa kasamalidwe ka anthu, kusiyana pakati pa makampani n'kwakukulu, ndipo kumaoneka sabata yoyamba. Yabwino imakonza kaye fulati imodzi yopanda munthu ngati chitsanzo, kuti ipeze zobisika m'makoma ndi kudziwa masiku enieni amene fulati imatenga. Imakhala ndi munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kulankhula ndi mabanja, imasunga mafulati awiri kapena atatu opanda anthu oti odwala, a makanda ndi ogwira ntchito usiku apumiremo, imaika nthawi ya phokoso ndi kuisunga, ndipo siisiya makwerero othawira atadzaza matumba a simenti. Chikepe chikakhala chimodzi, kusintha kwake kumatenga masabata angapo, ndipo okalamba a pamwamba akonzeredwe pokhala nthawi isanakwane. Zimenezi zimadya ndalama, koma ndi zimene mukugula posankha ntchito ya mtundu uno. Popanda izo, kuli bwino kusamutsa anthu mzere ndi mzere.

Si nyumba iliyonse yoyenera kukonzedwa motere. Ya mchere paliponse mu konkire, ya makwerero amodzi opapatiza amene sangatchingidwe ku utsi, kapena imene maziko ake akutitimirabe, imafuna zambiri kuposa zimene mgwirizano wa mtengo umodzi ungakwanitse. Zomangidwa ndi mapanelo akuluakulu a konkire olumikizidwa pamalopo zimafuna kuti mfundo zake zitsegulidwe n'kuonedwa. Ronan Point ku London, ya nsanjika 22, inagumuka ngodya yonse mu 1968 gasi ataphulika m'fulati imodzi pa nsanjika ya 18, ndipo pamene ankaigwetsa mu 1986 anapeza kuti mfundo zambiri sizinadzazidwe bwino. Gasi wa m'paipi asalowe m'nyumba yotere injiniya asanatsimikize.

Palinso funso limene kotesheni siyankha: ntchito ikatha, okhalamo adzakhala omwewo? Kufunika kwa malo m'tauni kumakopa eni nyumba kukweza lendi mpaka akalewo atachoka okha. Mwini amene cholinga chake ndi chimenecho akuwononga ndalama polipira ntchito yosamala anthu. Amene akufuna kusunga anthu ake alembe za lendi poyera ntchito isanayambe, chifukwa banja lodziwa kuti lidzatsala limatsegula chitseko pa tsiku lopangana, pamene lokayikira limazemba, ndipo fulati imodzi yotseka imaimitsa mzere wonse wa mapaipi.

Ndiye ntchitoyi ndi ya ndani? Tikuivomereza kwa mwini nyumba kapena gulu la eni mafulati amene nyumba yawo thunthu lake ndi lolimba, ili pamalo ofunika, ndipo sangakwanitse kutaya lendi ya chaka chathunthu. Koma ubwino wa kukhala ndi kampani imodzi ndi womwenso uli kuipa kwake: wopanga pulani, womanga ndi woyendera ntchito onse amalandira malipiro ku thumba limodzi. Lembani injiniya wanuwanu, wolipidwa ndi inu, woti azisaina gawo lililonse lisanatsekedwe. Kukonza konkire ndi mapaipi obisika kusakhale pa mtengo womaliza. Kulembedwe pa mtengo wa sikweya mita kapena mita imodzi, n'kumayezedwa ntchito ikamachitika, chifukwa mtengo womaliza umaphunzitsa kampani kuswa pang'ono ndi kumata msanga. Sungani padera 15 mpaka 20 peresenti ya bajeti ya zotulukira mwadzidzidzi. 10 peresenti imene imakwana panyumba yatsopano pano siikwana. Bajeti ikachepa, dulani makabati a kukhitchini ndi matailosi a polandirira alendo, amenewo akhoza kudikira zaka zisanu. Gwirani 5 peresenti ya malipiro, theka lake lituluke ntchito ikatha, theka linalo patatha miyezi 12, nyumba itadutsa nyengo ya mvula ndi yozizira. Ndalama yomalizayo isatuluke musanalandire mapulani osonyeza pamene mapaipi ndi mawaya adutsadi, zithunzi za makolala a moto pa deki iliyonse khoma lisanatsekedwe, makanema a kamera ya m'mapaipi, ndi mapepala a mayeso a madzi ndi magetsi a fulati iliyonse, olembedwa nambala ya fulatiyo ndi tsiku.